Madzi a Gloria

Kanyama, Lusaka
4 Disembala 2023

Mwana wanga Clive,

Ndayamba ndi moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, kupatula bondo lija limene limadziwa mvula isanagwe. Kaya inu ku Francistown kumeneko munafika bwanji? Nanga nyumba mwaipeza?

Amene akundigwirira cholembera ndi a Exildah, a kantemba ka pafupi ndi mpopi. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osathiramo mchere wawo. Foni ija unandisiyira ndi yabwino popatsana moni, koma makutu anga satha kuthamanga nayo. Nkhani yolemera imafuna pepala. Kalatayi ndipereka kwa a Katongo, kondakitala wa basi ya kwanuko, monga tinapangana.

Tsopano za chinyama chimene munandisiyira. Inu mumati fulu wa m'madzi. Kwathu ku Katete timati nkhasi, ndipo sindinaonepo munthu akuisunga pabalaza, m'thanki ya galasi, ngati maluwa. Dzina lakuti Gloria ine sindilitchula. Gloria ndi dzina la munthu wobatizidwa. Koma poti munati pamalire sakanakulolani kuwoloka nayo, ndinavomera, ndipo chimene Mainess wavomera sachichita ndi dzanja limodzi.

Mutangochoka ndinaiyang'anitsitsa thankiyo. Clive, ndinachita manyazi. Mwala umene nkhasi imakwerapo unali ndi ndere. M'kapampu kamene kamazunguza madzi ndinapezamo siponji yofiirira, yoterera ngati matope a m'ngalande. Ndiye kuti zaka zonsezi mkazi wako sanaichapepo? Munthu wogwira ntchito m'chipatala? Sindikufuna kunena zambiri. Koma m'nyumba mopanda matewera ochapa, nthawi ikanapezeka.

Ndinatulutsa nkhasi, ndinataya madzi onse, galasi ndinalikwecha ndi sopo, mwala ndi burashi. Siponji ndinaichapa mpaka inayera ngati bulauzi ya Chigwirizano. Kenako ndinadzaza madzi atsopano a pampopi. Tsopano ukayang'ana m'galasimo umaona khoma la kuseri bwinobwino. Ndimachita zimenezi Loweruka lililonse. Malemu atate ako, a Fanwell, ankauza anzawo kuti m'nyumba mwanga munthu akhoza kudyera pansi. Sindilola kuti nyama yosalankhula iwasandutse abodza.

Mvula yayamba, ndipo njira ya kumpopi yasanduka dambo. Ukapeza majombo a mphira upatse a Katongo. Undilembere za ntchito yako.

Uuze mkazi wako kuti chiweto chake chili m'manja abwino.

Ndine mayi ako,
Mainess Chisenga


Francistown
11 Disembala 2023

Amama,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Ife tili bwino. Nyumba ndi yaing'ono koma sidontha. Cynthia wayamba kale ntchito ku chipatala. Ine andipatsa thiraki, ndipo mawa ndikunyamuka ulendo wa ku Congo. Pamalire a Kasumbalesa munthu amatha kugonapo mpaka ndevu kumera, ndiye musadabwe ndikakhala chete. Majombo ali ndi a Katongo.

Za Gloria ine sindidziwa zambiri, amama, ndinkangomuona akusambira. Koma ngati madzi ndi oyera ndiye kuti zonse zili bwino. Ndani angakuphunzitseni inu ukhondo? Kalata yanu sindinamuonetse Cynthia, ndangomuuza kuti mwapereka moni. Mawu aja a matewera, amama, tiwasiye.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi kolera. Tikumva kuti ku Kanyama yayambanso. Chonde, madzi onse a m'nyumba muzithira kolorini, ngakhale a pampopi. Musasiyeko. Ndipo thanki ija ikakulemerani munene, ndipempha mnzanga wa ku Chilenje akaitenge.

Mwana wanu,
Clive


Kanyama
6 Januwale 2024

Clive mwananga,

Moni wa chaka chatsopano. Majombo ndinalandira. Ndi aakulu, ndimayikamo nsanza kutsogolo, koma akugwira ntchito.

Wati thanki ikandilemera ndinene. Ndinakunyamula iwe kumsana, chigubu pamutu, kuchoka kumpopi wa kumsika mpaka kuno, sindinaitane munthu wa ku Chilenje. Mnzakoyo akhale kwawo.

Kolera ndi yoona. Mzere wathu uno atengapo anthu awiri kupita nawo kuchipatala, mmodzi sanabwerere. Zitsime zosaya akukwirira. Azimayi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kugawa kolorini, ndipo atalowa muno anaona zigubu zanga zovundikira nati, "Agogo, mukanakhala inu nonse mu Kanyama, ife tikanapuma." Ndachita monga unanenera. Madzi akumwa, otsukira mbale, osamba, onse ndimathira. A nkhasi ndimathiranso, poti nayo imamwa momwemo.

Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Nkhasi ija yasiya kudya. Timibulu take ta m'kabotolo timangoyandama mpaka kufufuma. Maso ake atupa, sakutseguka. Kale ndikamayandikira inkapalasa pagalasi ngati ikundilonjera, tsopano imangokhala pamwala tsiku lonse, mutu m'chigoba, m'madzi sikufuna kutsikira. Chodabwitsa china, madzi ndikawasintha amayera tsiku limenelo, koma posakhalitsa amachita mbuu ngati muli mkaka, ndi kafungo. Ndiye ndasiya kudikira Loweruka. Ndikutsuka pafupipafupi, sopo ndawonjezera, koma zikungoipiraipira.

Ndikudzifunsa, kodi nyama nayo imagwidwa kolera? Kapena ikupukwa eni ake? Funsa kwa anthu odziwa kumeneko, koma funsa ngati nkhani ya munthu wina. Mkazi wako usamuuze. Sindikufuna kuti anene kuti apongozi anga alephera kusunga nkhasi imodzi. Ndiichiza ndekha, iwe ungondiuza dzina la mankhwala.

Ndiyankhe ndi basi yotsatira.

Mayi ako,
Mainess


Kanyama
17 Januwale 2024

Clive,

Moni. A Katongo abwera ndi kubwerera, m'manja mulibe kanthu. Akuti kalata anaisiya pakhomo pako. Ngati wakwiya chifukwa cha mawu anga a mwezi watha, kwiya, ndiwe mwana wanga, mkwiyo wako ndimaudziwa kutalika kwake. Koma nyamayi siingadikire mkwiyo wa munthu.

Lero m'mawa ndinaitola, yapepuka ngati chikho chouma. Ndinaiyika pachilolo panga, ndinaipukuta maso ndi kansalu koyera. Inatulutsa mutu pang'ono, n'kubweza. Ndasunga nkhuku, ndasunga mbuzi, ndalera ana anga ndi a eni, palibe chimene chinandifera chifukwa cha uve. Chinthu cha mwini chikafera m'nyumba mwanga, mkazi wako ndidzamuyang'ana ndi nkhope iti?

Yankha.

Mayi ako,
Mainess

Ba Cynthia, ni ine Exildah wa kantemba, nalemba pansi apa bamake Clive sibadziwa. Pa envulopu naikapo dzina yanu, osati ya ba Clive. Bakadziwa bazanidya wamoyo, koma nilibe chochita. Bamayo aba sibakudya bwino, bamangokhala pa mpando kuyangana thanki. Ngati kuli kalata ina kumeneko yosatsegula, tsegulani. Kafulu kanu kali pafupi kufa, na munthu nayenso akuwonda.


Francistown
21 Januwale 2024

Kwa bapongozi banga, Bamayo,

Muli bwanji, Bamayo? Ine nili bwino. Munikhululukire Chinyanja changa cha mu tauni, mudziwa kuti ninakulira ku Mufulira. Munikhululukirenso kuti natsegula makalata yamene simunalembere ine. Clive sanakwiye. Akali pa Kasumbalesa, foni yake siigwira, ndipo kalata yanu inakhala pa tebulo kumuyembekeza. Ba Exildah musabakalipire.

Bamayo, nizakamba mosapita m'mbali chifukwa nthawi yachepa. Gloria sakudwala kolera, sakudwala uve. Kolorini ndiye ikumuwotcha maso, na sopo. Madzi yake yayera kupitirira.

Siponji ija siinafiirire chifukwa cha ulesi. Mukati mwake mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka na maso, tamene timadya vonyansa va Gloria. Ine ninali kungoifinya pang'ono m'madzi yakale ya mu thanki, n'kuibweza. Sopo inapha tizilomboto, ndiye chifukwa chake madzi yamachita mbuu. Mukumbuka tsiku lija ninatsuka mtsuko wanu wa thobwa na sopo, munaniuza kuti naupha, thobwa siizakomanso mpaka mtsuko ukhwime? Siponji nayo ni chimodzimodzi.

Ndiye napempha muchite ivi. Tungani madzi ya pampopi mu ndowa yake yake, musathire kanthu. Muisiye padzuwa masiku awiri, yovundikira na neti chabe kuti udzudzu usalowe, fungo ya mankhwala izachoka yokha. Ulendo woyamba uno musinthe madzi yonse, mutsukuluze galasi na mwala bwinobwino kuti sopo ichoke. Kuchoka apo muzichotsako pang'ono chabe, monga gawo limodzi pa magawo anayi, kamodzi pa sabata. Ndere za pamwala zisiyeni. Kudya muzimupatsira mu beseni, kuti votsala visawolere mu thanki. M'mawa awotheko dzuwa, koma pakhale na mthunzi pothawira. Maso yakapanda kutseguka pofika kumapeto kwa mwezi, ba Exildah bakuperekezeni kwa dokotala wa nyama.

Koma madzi yanu yakumwa, Bamayo, kolorini musaleke ngakhale tsiku limodzi. Ndowa ya Gloria isasakanizike na ya kukhitchini. Mukamugwira muzisamba m'manja na sopo. Pamenepo ukhondo wanu ukufunika wonse.

Kalata yanu ya Disembala ninaipeza mu jekete ya Clive pochapa. Va matewera nawerenga. Sinakwiye, koma nifuna mudziwe chinthu chimodzi. Gloria nili naye kuchokera chaka chija ninapita padera. Ninachoka ku chipatala manja ali chabe, ndiye mnzanga wa ku ntchito ananibweretsera kafulu kang'ono, kokwana pa chikhatho, kuti nizikhala na chonidzutsa m'mawa. Dzina lija ndiye tinasungira mwana.

Clive anafuna kumupereka ku Chilenje kuyambira pachiyambi. Ndine ninakana. Ninati mu Lusaka monse nidziwamo munthu mmodzi chabe wamene akavomera chinthu sagona chisanakhale bwino. Mpaka lero sinasinthe maganizo.

Ndine mpongozi wanu,
Cynthia


Kanyama
26 Januwale 2024

Ba Cynthia,

Ni Exildah. Bamayo sibanipatse mawu yolemba, ndiye nalemba yanga kuti ba Katongo basapite chabe.

Kalata yanu ninabawerengera. Pa siponji banati, "Ndiye ndisunge matope pabalaza panga?" Pa mtsuko wa thobwa banati, "Bwerezani pamenepo." Ndiye ninafika pa dzina paja. Banatenga pepala m'manja mwanga, banaipinda, banaika mu Baibo. Ine banangoniuza kuti, "A Exildah, dzanja lanu ndi lalitali kuposa ntchito imene ndinalipatsa." Ninaganiza kuti ubwenzi watha.

Kutacha banabwera ku kantemba kufunsa ngati nili na neti yakale. Manje pa khonde pali ndowa yovundikira neti, yomanga kansalu kofiira pa chogwirira. Bantu ba mu mzere bayamba kale kukamba, ati bamake Clive basunga madzi yopanda mankhwala nthawi ya kolera, kapena mutu wayamba kusokonezeka. Beve bamva, koma ndowa sibanachotse. Kafulu sikanadye, koma kakali kupuma.

Exildah


Kanyama
22 Febuluwale 2024

Apongozi anga, a Cynthia,

Ndayamba ndi moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, bondo lachepako. Kaya inu ndi ntchito ya odwala kumeneko? A Exildah ndi amene akulembanso. Ndawakhululukira, koma envulopu ndikhala ndikuiona ndi maso anga asanamate.

Ndachedwa kuyankha chifukwa sindinafune kulemba ndilibe chonena. Zonse munanena ndachita. Ndowa ili ndi kansalu kofiira kuti ndisaisokoneze. Azimayi a zaumoyo atabweranso anaima pakhonde n'kufunsa kuti madzi awa ndi a chiyani. Ndinawaonetsa zigubu zanga zakumwa, ananunkhiza, anamva mankhwala. Ndinawaonetsa nkhasi. Mmodzi anaseka nati, "Agogo, bola neti isachoke, ndipo m'kamwa mwa munthu asalowe." Ndinati m'kamwa mwa munthu muno simulowa chinthu chosadziwika.

Chovuta sichinali chimenecho. Chovuta chinali siponji. Inayamba kusintha mtundu pang'onopang'ono, ndipo manja anga ankayabwa. Loweruka lililonse ndinkaitulutsa, sopo ali pomwepo pawindo akundiyang'ana, ine n'kungoifinya m'madzi akale monga munanenera, n'kuibweza yofiirira. Sindinachitepo ntchito yolemera chotero, ntchito yosiya chinthu osachichapa.

Lachinayi lapitali azimayi a Chigwirizano anabwera kudzandiona, poti kolera yayamba kuchepa. Dzulo lake ndinakolopa nyumba yonse, makatani ndinachapa. Ndinaima patsogolo pa thanki ndi burashi m'manja nthawi yaitali ndithu. Mwala uja wayambanso ndere. Ndinabweza burashi pamalo pake.

Mumawadziwa amayi Kasoma, atsogoleri athu, amene maso awo amafika pamwamba pa kabati asanakhale pansi. Tisanayambe n'komwe pemphero anapita pathanki, anawerama, anayang'ana mwala, anayang'ana kapampu.

"Amake Clive," anatero, "maso ayamba kuvuta? Ngati mphamvu zachepa nenani, titumize atsikana adzakukwechereni. Si manyazi kukalamba."

Azimayi ena anayang'ana pansi. Zaka zonse ndakhala mu Kanyama palibe munthu anandiuzapo kuti adzanditsukira chinthu.

Ndinati, "Amayi, mtsuko wanu wa thobwa mumautsuka ndi sopo?"

Anati, "Ndingapenge?"

Ndinati, "Ichinso n'chimodzimodzi. Ndere izo zili pamalo pake. Anandiphunzitsa apongozi anga a ku Francistown, anamwino."

Anati, "Inu? Kuphunzitsidwa ukhondo ndi mkazi wa mwana wanu?"

Ndinati, "Ee, ine. Tiyeni tipemphere."

Sanakhutire. Potuluka ndinawamva akunong'ona ndi anzawo pageti, ndipo ndikudziwa kuti pofika Lamulungu nkhaniyi idzakhala itafika ku Chawama. Ifike. Kapu zimene anamwera tiyi zinali zoyera.

Tsopano chimene ndalembera. Madzi anasiya kuchita mbuu. Si oyera ngati a m'botolo, ali ndi kamtundu ngati tiyi wosakolera, koma fungo latha. Diso lakumanzere linayamba kutseguka kumapeto kwa mwezi watha, ndiye kwa dokotala sitinapite. Lakumanja latseguka sabata yatha. Kudya kokha ndiye kunali kutatsala. Timibulu ankangotinunkhiza. Dzulo m'mawa, atawotha dzuwa, ndinamuika m'beseni lake. Ndinali ndi kapenta pambale, tinsomba touma tija, ndinaviika kamodzi m'madzi kuti mchere uchoke, ndinakagwira kumchira n'kuyandikiza. Anayang'ana kapenta, anayang'ana ine. Kenako anatambasula khosi lonse n'kulanda, pang'ono atenge ndi chala changa chomwe.

Gloria wadya.

Za dzinali sindinkadziwa. Clive ali ngati atate ake, amanena za matayala ndi za malire, zofunika amameza. Ine ndikanafunsa. Mawu ena amene ndinalemba ali kale m'manja mwanu, sindingawabweze ndi basi ya a Katongo. Koma dzinalo tsopano limatchulidwa m'nyumba muno m'mawa uliwonse, ndipo ndimalitchula bwino.

Ndili ndi mafunso, mundiyankhe inuyo. Kapenta ndingamupatse kangati, poti timibulu ta m'kabotolo tatsala pang'ono? Magetsi akazima tsiku lonse, kapampu n'kuima, ndichite chiyani kuti tizilombo tanu tija tisafe? Ndipo nthawi yozizira ikubwera. M'nyumba muno mu Juni mumazizira mpaka m'mafupa. Mundiuze msanga kuti ndikonzekere, ndisadzachitenso zanzeru zanga.

Pa Isitala mukapeza tchuthi mubwere mudzamuone. Thobwa ndidzafulula mumtsuko uja, unakhwimanso.

Mwamuna wanuyo akabwera ku Congo mumuuze kuti amayi ake ali bwino.

Ndine mayi anu,
Mainess Chisenga